Lendi ya Lamya Yosalira

Mlimi wa ku Karonga amadziwa adani awiri a chakudya chake. Woyamba ndi madzi osefukira. Mtsinje wa Rukuru kapena wa Songwe ukakwiya, mudzi wonse umamva mkokomo wake, anthu amathawira kumtunda, ndipo kukacha aliyense amaona ndi maso ake zimene zapita. Wachiwiri ndi nankafumbwe. Iyeyu sachita phokoso. Nankafumbwe wamkulu uja, amene adayamba kuoneka m'dziko muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'boma lomweli atachokera ku Tanzania, amalowa m'nkhokwe mwakachetechete nadya usana ndi usiku. Mwini chimanga amadzazindikira tsiku lopita kuchigayo, pamene m'thumba mwatsala fumbi lokhalokha.

Pa chuma cha m'banja palinso nankafumbwe wotere. Ndi tindalama tija timene timalembedwa pa bilu mwezi ndi mwezi, pamzere umene palibe amauwerenga, tolipirira chinthu chimene mwini wake adachiiwala kalekale. Kusiyana kwake n'kwakuti nankafumbwe alibe chikumbumtima ndipo palibe angamutengere kubwalo, pamene ndalama izi amazilemba ndi anthu, amazilandira ndi anthu, amazilipiranso ndi anthu. Tsono zikadzadziwika patapita zaka khumi kapena makumi awiri, mlandu wake ugwere ndani?

Wophunzira wa lero, amene adabadwa lamya ili kale m'thumba la aliyense, ayenera kudziwa kaye mmene zinthu zidalili. Waya woyamba wonyamula mauthenga udafika ku Karonga kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, patangopita zaka zochepa Mlozi atagonjetsedwa mu 1895. Udali waya wa telegalamu wa kampani ya Cecil Rhodes, amene ankalakalaka kulumikiza Cape Town ndi Cairo. Lamya ya m'nyumba idabwera pambuyo pake, ndipo kwa zaka zambiri inkapezeka ku maofesi a boma, kuchipatala, kumishoni, m'masitolo akuluakulu ndi m'nyumba zowerengeka chabe. Munthu sankagula lamya monga agulira wailesi. Ankalembetsa ku positi, n'kudikira, nthawi zina kwa zaka, kenaka amisiri ankabwera kudzakoka waya ndi kuika lamya imene mwini wake adali a positi omwewo. Motero bilu inkakhala ndi mbali ziwiri: ndalama za mafoni amene munthu waimba, ndi lendi imene inkalipidwa mwezi uliwonse, kaya waimba kaya sadaimbe. Mu 1995 ntchitoyi idachoka m'manja mwa dipatimenti ya boma n'kupita ku bungwe la Malawi Posts and Telecommunications Corporation, ndipo mu 2000 bungweli lidagawidwa pawiri, za makalata kwina, za lamya kwina pansi pa Malawi Telecommunications Limited. Nthawi yomweyo lamya za m'manja zidali zitayamba kufalikira: TNM idayamba mu 1995, Celtel mu 1999. Pang'ono ndi pang'ono lamya ya patebulo idasanduka chokongoletsa chipinda chochezera, yofunditsidwa kansalu koluka.

Pofuna kuti funso lija lioneke bwino, n'koyenera kuganizira za banja longoyerekeza. Bambo wina, kalaliki wa boma, adaikitsa lamya m'nyumba mwake pa Karonga m'zaka za m'ma 1980. Adapuma pa ntchito, patapita nthawi adamwalira. Mkazi wake amalankhula Chinkhonde ndi Chitumbuka, Chichewa amachimva, koma Chingerezi sadachiphunzire, ndipo bilu imalembedwa m'Chingerezi, m'dzina la malemu mwamuna wake. Dzinja lina mtengo wa mawaya udagwa ndi mphepo ndipo sudadzutsidwenso. Lamya idaleka kulira. Palibe adadandaula kwenikweni chifukwa ana adali atawagulira mayi awo ya m'manja. Koma pepala lidapitiriza kubwera, ndipo mayiwo adapitiriza kulipira, pogwiritsa ntchito ndalama zimene mwana wawo wa ku Mzuzu ankatumiza. Zidatero kwa zaka khumi ndi ziwiri, ndiye kuti miyezi 144. Tsiku lina mdzukulu wa Fomu 3, pofunafuna pepala lokutira buku, adapeza mulu wa malisiti womangidwa ndi kansanza m'sutikesi.

"Agogo, kodi ndalama zimenezi mumalipirira chiyani?"

"Ndi za agogo ako aamuna, mwanawe. Adandiuza kuti pepala la boma salichedwetsa."

Wina angaganize kuti zotere n'zongopeka. Ayi ndithu. Ku America, dziko la anthu ophunzira ndi olemera, zidachitikira mabanja ochuluka zedi. Kumeneko nakonso lamya idali ya kampani, ya AT&T, ndipo anthu ankaibwereka. Kampaniyi itagawidwa mu 1984, anthu adapatsidwa mwayi wosankha: kugula lamya imene adali nayo, kuibweza, kapena kupitiriza kulipira lendi. Amene sadayankhe kanthu adawerengedwa kuti asankha kupitiriza. Mu 2006 nyuzipepala zidalemba za mayi wina wamasiye wa zaka 82 wa m'chigawo cha Ohio amene adali akulipirabe lendi ya lamya ziwiri zakuda zoimba mozunguliza ndi chala, zimene adazitenga m'zaka za m'ma 1960. Adzukulu ake atawerengera adati ndalama zimene adalipira zidaposa madola 14,000, pamene lamya yatsopano inkagulidwa ndi madola ochepa m'sitolo iliyonse. Izi zisanachitike, mu 2002, makampani a AT&T ndi Lucent adavomera kupereka ndalama zofika madola 300 miliyoni pofuna kuthetsa mlandu umene anthu obwereka lamya adawasumira, ngakhale kuti ndalama zimene anthuwo adakatengadi zidali zochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengerocho. Izi sizodabwitsa. Munthu amene sadawerenge bilu sangawerengenso chidziwitso chomuitana kuti akalandire chipukutamisozi.

Alipo anthu, ndipo si opusa, amene amati mlandu wonse ndi wa wolipira. Iwo amati safunsa adadya phula. Palibe adabisa kanthu: mzere wa lendi udalembedwa poyera mwezi uliwonse, ofesi idali yotsegula, ndipo mawu amodzi okha akadakwanira kuletsa zonse. Pangano lidachitika pakati pa anthu akuluakulu, ndipo pangano silitha lokha chifukwa chakuti mbali imodzi yaiwala. Amaonjezeranso mfundo ina imene siyenera kunyozedwa. Ngati kampani iyamba kuganizira anthu zimene akufuna ndi zimene sakufuna, n'kumadula lamya za okalamba poganiza kuti sakuzigwiritsa ntchito, ndiye kuti ikuwatenga ngati ana. Agogo ena amasunga lamya yakale dala, podziwa bwino mtengo wake, chifukwa nambala yake ndi imene abale a ku Mbeya kapena ku Johannesburg amaidziwa. Ndani ali ndi ufulu wowauza kuti akuwononga ndalama?

Komanso kulipira lendi yoposa mtengo wa chinthu si kuberedwa nthawi zonse. Munthu amene wakhala m'nyumba ya lendi zaka makumi atatu angathe kukhala atalipira ndalama zokwanira kumanga nyumba ziwiri, koma sanganene kuti mwini nyumba ndi mbala. Ankadziwa chimene ankalipirira, ndipo usiku uliwonse ankagona pansi pa denga lakelo.

Komatu chitsanzo cha nyumbachi ndi chimene chikuonetsa pamene maganizo amenewa akuperewera. Lendi imakhala yolungama pakakhala zinthu ziwiri: wolipira akudziwa chimene akulipirira, ndipo akulandira chimene akulipiriracho. Alimi a mpunga a ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya amazidziwa bwino zimenezi. Wopanda ng'ombe amabwereka ng'ombe ndi pulawo ya mnzake, n'kulipira ndalama kapena mpunga pokolola. Zimenezi n'zabwino ndipo zathandiza mabanja ambiri. Koma pakhale mlimi amene adamwalira, mkazi wake n'kumatumizabe thumba la Kilombero chaka ndi chaka kwa mwini ng'ombe, poganiza kuti ndi ngongole imene mwamuna adasiya, chonsecho ng'ombezo zidaleka kalekale kulima m'munda mwake. Mwini ng'ombe n'kumalandira, n'kumathokoza, osanena kanthu. Nkhaniyi itafika pabwalo la mfumu, kodi akuluakulu angavomere yankho lakuti, "Sindidamukakamize, amabweretsa yekha"? Palibe mudzi umene ungamumasule munthu wotere. Sadaname ndi pakamwa, koma adadya bodza limene adaliona likuyenda, ndipo kukhala chete kwake ndi kumene kunkalipatsa moyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pakati pa mbali ziwirizi, imodzi imadziwa zambiri ndipo inayo imadziwa zochepa. Kampani ili ndi kaundula. Ikudziwa tsiku limene lamya idaikidwa, ikudziwa kuti pa nambala imeneyo sipadatuluke kapena kulowa foni kwa zaka zakutizakuti, ndipo amisiri ake akudziwa mitengo imene idagwa. Mayi wamasiye ali ndi pepala limodzi la m'chinenero chachilendo ndi mawu amene mwamuna wake adamusiyira. Kuvomera kwa munthu amene sakudziwa chimene akuvomera kuli ngati chidindo cha chala choikidwa pa kalata imene sadamuwerengere. Lamulo lingathe kuchilandira, koma chikumbumtima sichingakhutire nacho. Udindo umakula molingana ndi zimene munthu akudziwa ndiponso mphamvu imene ali nayo yokonza zinthu. Kwa kampani, kulemba kalata imodzi m'chinenero chimene munthu amamva, yofunsa ngati akuifunabe lamyayo, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kufunsa koteroko sikumuchotsera gogo ulemu wake. Amene akuifuna adzati akuifuna. Chimene chimachotsa ulemu ndi kupindula ndi kusadziwa kwake.

Pamenepa wina adzafunsa kuti kampaniyo ndi ndani. Funso ili ndi lovuta kuposa mmene limamvekera, ndipo ndi m'menemo mmene zolakwa zambiri za masiku ano zimabisala. Wolemba bilu ndi makina, ndipo makina amachita zimene adauzidwa. Amene adawauza mwina adapuma pa ntchito. Wamkulu wa kulikulu amaona chiwerengero chimodzi chachikulu, saona nkhope ya mayi wa ku Karonga. Mmisiri amati ntchito yake ndi mawaya, za ndalama sizimukhudza. Wolandira ndalama pazenera amati iye amangodinda malisiti. Aliyense wagwira kachigawo kakang'ono kwambiri kotero kuti palibe amene akumva kulemera kwake. Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona, koma mwambiwu udanenedwa pofuna kuitana anthu kuti adzasenze, osati kuwapatsa pothawira denga likagwera munthu. Kumene ntchito yagawidwa chonchi, mlandu waukulu uli pa iwo amene ali ndi mphamvu yosintha kayendetsedwe kake, makamaka ngati adaona kuti ndalama zikulowa kuchokera ku lamya zakufa n'kusankha kusafunsa. Kusadziwa kumene munthu wakusankha dala chifukwa kukumupindulira sikungamutchinjirize.

Nanga kalaliki wa pazenera uja? Karonga si Blantyre. Anthu amadziwana, amakumana kumsika, kumaliro ndi kutchalitchi. Ngati kalalikiyo adalandira ndalama za mayi yemweyo mwezi ndi mwezi, akudziwa kuti kudera kwawoko mawaya adatha, ndiye kuti adali ndi mpata umene wamkulu wa kulikulu adalibe. Sadabe tambala, ndipo palibe bwalo lingamupeze wolakwa. Komabe adalephera chinthu chimene mnansi aliyense amayenera kuchita, ndicho kutsina khutu. Pamafunika mawu ochepa chabe: "Amayi, kodi lamya yanu ikugwira ntchito?" Mlandu wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa mabwana ake, koma ulipo, ndipo ophunzira ambiri amene akuwerenga nkhani ino adzakhala pa mazenera otere asanafike pa mipando ikuluikulu.

Ana nawonso sangasambe m'manja. Mwana wa ku Mzuzu uja ankatumiza ndalama mokhulupirika, ndipo mumtima mwake ankadziona ngati wosamala kholo. Koma kutumiza ndalama ndi mbali yopepuka ya chisamaliro. Pa miyezi 144 adabwera kumudzi kangapo, adakhala pampando woyandikana ndi lamya yosalirayo, adamwa tiyi, osafunsa kuti ndalama zake zikupita kuti. Iye Chingerezi amachidziwa. Mwa anthu onse a m'banjamo, ndiye amene akadaona msanga. Pali ulesi wina umene umavala malaya a ulemu: kusafuna kufunsa makolo za ndalama poopa kuoneka ngati ukuwalondalonda. Ulemu weniweni ukadamukhazika pansi ndi mayi ake madzulo amodzi, n'kuwerenga nawo mapepala onse amene bambo adasiya.

Mayiwo ndiye ali ndi mlandu wochepa kuposa onse, ngakhale kuti dzanja lawo ndi limene linkapereka ndalama. Chimene chidawagwetsa ndi khalidwe limene anthu amalitamanda: kuopa ngongole, kusunga mawu a malemu, kukhulupirira kuti pepala lochokera ku ofesi silinama. Mbadwo umene udakula nthawi ya atsamunda ndi nthawi ya chipani chimodzi udaphunzira kuti ofesi siifunsidwa mafunso. Mbewa ya manyazi idafera kuuna, n'zoona, koma n'kofunika kufunsanso amene adaiphunzitsa manyaziwo. Chomvetsa chisoni pa nkhani zotere n'chakuti munthu wachinyengo, amene amazemba bilu iliyonse, sangagwe m'mbuna imeneyi. Imakola okhulupirika okha.

Boma lili ndi gawo lake. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA kuti liziyang'anira makampani a lamya, ndipo mu 2003 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu ogula. Kulinso bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndi la Consumers Association of Malawi limene lidayamba mu 1994. Zonsezi n'zothandiza, koma kawirikawiri zimadikira kuti wina adandaule, ndipo vuto la ndalama zosaoneka ndi lakuti wovulalayo sadziwa kuti wavulala. Dandaulo lingachokere kuti? N'chifukwa chake lamulo labwino pa nkhaniyi ndi lokakamiza wolandira ndalama kufunsanso chilolezo pakapita nthawi, osati lodikira kuti wolipira adzidzimuke yekha.

Tsono chinthu chikadziwika, chibwezedwe n'chiyani? Apa mwambo ndi lamulo lolembedwa zimasiyana. Makolo amati mlandu suola. Mdzukulu angathe kukafunsa ng'ombe imene agogo ake adabwereketsa. Lamulo la m'makhoti limaika malire, ndipo pa milandu ya mapangano malirewo kawirikawiri ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Lili ndi chifukwa chake: mboni zimafa, mapepala amatayika, ndipo malonda sangayende ngati buku lililonse lakale lingatsegulidwenso nthawi ina iliyonse. Koma malire a lamulo amangonena pamene khoti lingalekere kukakamiza. Sanena kuti ndalamazo zasanduka zoyera. Palinso vuto la kwacha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 dola imodzi inkasinthidwa ndi ndalama zosakwana K5, koma mu 2024 idaposa K1,700 m'mabanki. Kubweza K100 ya nthawi imeneyo ndi K100 ya lero n'chimodzimodzi kubwereka thumba la mpunga n'kubweza kambale, n'kunena kuti mlandu watha. Wofuna kubweza moona ayenera kuyeza zimene ndalamazo zikadagula pa nthawi imene zinkachoka m'nyumbamo: sopo, palafini, yunifolomu, fizi ya mwana amene mwina adalekezera sukulu panjira. Zina mwa zimenezi sizibwezeka ngakhale ndi ndalama zochuluka bwanji.

Lamya za mawaya zatsala zochepa, ndipo wina angati nkhaniyi idapita ndi nthawi yake. Koma nankafumbwe uja adangosamukira m'nkhokwe yatsopano. Pa lamya ya m'manja pali nyimbo zimene woimba foni amamva podikira, mauthenga a mpira, a nyengo ndi a mwayi, zimene munthu amalowamo podina batani limodzi, nthawi zina mosadziwa kapena mwana akuseweretsa foni, ndipo mayunitsi amadulidwa tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata mpaka mwini atadziwa njira yotulukira. Msodzi wa ku Ngara kapena mayi wogulitsa nthochi ku Songwe amangoti, "Mayunitsi akutha msanga masiku ano," n'kugula ena. Kubanki nako buku la ndalama limene mwini waliiwala lingathe kudyeka ndi ndalama zodulidwa mwezi uliwonse. Pa zatsopanozi palibe ngakhale pepala loti mdzukulu angadzalipeze m'sutikesi. Khomo lolowera ndi lalikulu, lotulukira ndi laling'ono, ndipo amene adamanga makomo awiriwa adadziwa chimene ankachita.

M'banja longoyerekeza lija, mdzukulu adatenga malisiti n'kuperekeza agogo ake ku ofesi. Kalaliki adayang'ana m'makina, adavomera kuti lamyayo idafa kalekale, ndipo adailetsa nthawi yomweyo. Ntchito yonse sidatenge mphindi khumi. Za kubweza ndalama adati alembe kalata kulikulu. Pobwerera, atafika pamthunzi wa mtengo wa mango, agogo adaima n'kufunsa funso limene mdzukuluyo sadaliyembekezere. Sadafunse za ndalama. Adafuna kudziwa ngati dzina la mwamuna wawo lafufutidwa m'mabuku a ofesi, ndiponso ngati lamyayo adzabwera kudzaitenga, chifukwa pa zinthu zonse zimene malemu adasiya m'chipinda chochezera, ndi yokhayo imene idali isanasunthidwe pamalo pake.